Misa imadzaza, koma ku ntchito zachifundo anthu sabwera: titani pa yunivesite?

Funso: Abambo, ndine mtsikana wa chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma. Mwezi watha anzanga anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya ntchito zachifundo m'gulu lathu la ophunzira Achikatolika. Lamulungu pa Misa malo amachepa, kwaya ndiye osanena. Koma tikalengeza ulendo wokaona odwala kuchipatala, obwera sadzaza ngakhale minibasi imodzi. Timapita kamodzi pa semesita, kugawa sopo ndi shuga, kujambulitsa, basi. Ndayamba kukayika ngati umenewu ndi utumiki weniweni. Nanga anzangawa ndingawakope bwanji?

Yankho: Achemwali, kukayika kwanuko n'kwabwino, musakuthamangitse msanga. Sopo ndi shuga si zoipa ayi. Munthu amene wagona m'wodi kwa milungu ingapo amadziwa kufunika kwa sopo kuposa inu ndi ine. Koma mwaona bwino kuti ulendo wa kamodzi pa semesita uli ngati mvula ya chizimalupsa: fumbi limazizira tsiku limenelo, koma palibe amene amabzala nayo. Mayi amene munamupatsa shuga simudzamuonanso, dzina lake simunalifunse, ndipo anzanu amene anatsala ku hositelo akudziwa kuti kusapita kwawo sikunasinthe kanthu. N'chifukwa chake sabwera. Achinyamata si aulesi monga timawanenera ife akuluakulu. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu amene ankakumba ndi makasu ndi mafosholo ku Chilobwe ambiri anali achinyamata, ndipo palibe anawalembera kalata yowaitana. Wachinyamata amazindikira msanga ntchito imene ikumufunadi ndi ntchito imene ikhoza kuchitika iye kulibe.

Ndiye za kudzaza minibasi tiziike pambali kaye. Ndikufuna muyambe ndi anthu amene amadzaza tchalitchi chija.

Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, musathamangire kutuluka. Imani chapakhomo muziyang'ana. Ambiri atuluka m'magulumagulu akupangana kokadya, ena ku chiwaya, ena ku lesitilanti, ena kukakoleza mbaula kumene akuchita lendi. Koma muona mnyamata wina akuchedwa dala, akusonkhanitsa mabuku a nyimbo, akuwongola mabenchi owongoka kale. Mnzake akamuitana ayankha kuti, “Tsogolani, ndikupezani,” kapena, “Ine ndadya kale.” Anthu akatha, iye alunjika ku laibulale, apo ayi akagona masanasana kuti njala imupitirire ali m'tulo. Mesho wake, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amadziwa. Nthawi zambiri ndi mesho yekha amene amadziwa, ndipo naye amakhala chete poopa kumuchititsa manyazi.

Ophunzira otere alipo pa sukulu ya ukachenjede iliyonse m'dziko muno. Ngongole ya boma sifikira aliyense amene wapempha, ndipo amene yawafikira imawathera semesita ikadali pakati. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa, lendi ndi thiransipoti zinakwera pamodzi, makolo akumudzi osakwezeredwa kanthu. Malo ogona pa kampasi ndi ochepa, choncho ambiri ali m'timanyumba ta lendi ku Chikanda ku Zomba, ku Chitawira ku Blantyre, ku Luwinga ku Mzuzu, kumene kukadwala munthu usiku palibe wakumva. Njala ya pa yunivesite ili ndi ana ake: katapila, kubetcha mpira ndi ndalama ya lendi, mtsikana kugwa m'manja mwa chidyamakanda chifukwa cha fizi. Gulu limene limadumpha anthu amenewa n'kukwera minibasi kukafuna osauka kutali, ophunzira amaliona, ndipo mumtima amadziwa kuti penapake pali posalongosoka.

Zoterezi si zachilendo mu Mpingo. Werengani Ntchito za Atumwi mutu 6. Kudandaula koyamba pakati pa akhristu a ku Yerusalemu kunali kwa chakudya: amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankaiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sananene kuti tiyeni tingopemphera zitha zokha. Anauza gulu lisankhe amuna asanu ndi awiri, Stefano mmodzi mwa iwo, kuti ayang'anire ntchitoyo, ndipo mayina a onsewo ndi Achigriki, zomwe zikusonyeza kuti udindo unapita kwa anthu a mbali yodandaulayo. Tayang'anani komiti yanu. Ngati onse ndi ogona pa kampasi, ana a m'tauni amene ndalama imalowa pa foni mwezi ukatha, komiti imeneyo siidziwa kumene njala ili. Ikanimo wa ku nyumba za lendi, ikanimo yaro (wa chaka choyamba), ikanimo amene anachokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi ndipo ndi woyamba kufika ku yunivesite pa mtundu wawo wonse. Amenewa akuuzani zinthu zimene simukanazimva.

Anthu mazana angapo amene amakumana ola limodzi ndi theka pa sabata sangadziwane, ndipo osadziwana satumikira limodzi. Mankhwala a vutoli Mpingo wathu kuno unawapeza kalekale, ndipo makolo anu amawagwiritsa ntchito kumudzi, kungoti ophunzira mukafika ku koleji mumawasiya pa geti. Maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, limene Malawi ndi Zambia ali mamembala ake, anagwirizana pa misonkhano yawo ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976 kuti moyo wa Mpingo uzikhazikika pa timagulu ting'onoting'ono ta akhristu oyandikana nyumba. Kwina timati mphakati, kwina limana. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anachititsa sinodi ya dayosizi yawo kuyambira 1973 mpaka 1975 pofuna kuzika maganizo amenewa, ndipo boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu timeneti mpaka iwo anachoka m'dziko muno. Boma linaona chinthu chimene ife nthawi zina timachiiwala, chakuti anthu khumi okumana sabata ndi sabata n'kumauzana zoona za moyo wawo amakhala ndi mphamvu.

Gawani gulu lanu m'miphakati potsata kumene anthu amagona: hositelo iyi, mzere uwu wa nyumba za lendi. Musagawe potsata kosi, ndipo chonde musalole kuti zigawike zokha potsata kwawo kwa munthu, chifukwa tikangolekerera, a kumpoto apezana okha, a pakati okha, a kummwera okha, ndipo chisankho cha atsogoleri a gulu chidzayamba kununkha ngati chisankho cha dziko. Anthu asapitirire khumi ndi awiri. Akumane kamodzi pa sabata, ola limodzi, m'chipinda cha mmodzi wa iwo kapena pansi pa mtengo. Awerenge Mthenga Wabwino wa Lamulungu likubwera, aliyense anenepo mawu amene amukhudza, popanda wina kusanduka mlaliki. Kenaka afunsane mafunso amene ine ndimawatenga ngati mtima wa msonkhano wonse: ndani sanaoneke m'kalasi sabata ino? Ndani akudwala? Kwa ndani kwagwa maliro? Ndani ali ndi sapu (mayeso obwereza atalephera) ndipo wasiya kutuluka m'chipinda?

Ndipo aziphika limodzi, ngakhale kamodzi pa sabata. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa ndi njira yokhayo imene ndikuidziwa yodyetsera wophunzira wanjala osamuvula ulemu. Wina abwera ndi ufa, wina bonya, wina tomato ndi anyezi, wina makala. Amene alibe kanthu ndiye avundula nsima ndi kutsuka mapoto, ndipo palibe wowerengera kuti wabweretsa chiyani. Mnyamata amene angakane ndalama mutamupatsa pamaso pa anthu sangakane mtanda wa nsima umene waphika yekha. Pa mbale imeneyo m'pamenenso nkhani zimatuluka. Mtsikana amene waima, ndipo akuopa kuuza makolo, sadzabwera ku ofesi ya wansembe poyamba. Adzayamba kunong'oneza mnzake potsuka mbale. Funso lalikulu kwa gulu lanu ndi lakuti mnzakeyo akamva adzachita chiyani, ndiponso ngati mtsikanayo adzakhalabe ndi malo ake pa benchi mimba ikayamba kuoneka. Ndaona magulu amene amapita kukaona ana amasiye mokhulupirika koma mnzawo woyembekezera n'kumusala mpaka kusiya Misa, mnyamata wopereka mimbayo akuimbabe tena mu kwaya. Sindikudziwa dzina lina la zimenezo koma chinyengo.

Pa nkhani ya ndalama, ndikubwerekeni nzeru kwa ophunzira anzanu a zaka pafupifupi 200 zapitazo. Ku Paris mu 1833, wophunzira zamalamulo wa zaka 20, Frédéric Ozanam, ankakonda mtsutso woteteza chikhulupiriro chake pakati pa ophunzira osakhulupirira. Tsiku lina otsutsana nawo anamufunsa kuti, zakale za Mpingo wanu tamva, koma lero mukuwachitira chiyani osauka? Funsolo linamulasa. Mu Epulo chaka chomwecho iye ndi anzake ochepa anayamba kukumana sabata ndi sabata, ndipo Sisteri Rosalie Rendu, amene ankadziwa makomo a anthu osauka m'dera la Mouffetard, anawaphunzitsa kayenderedwe kake ndi kuwapatsa mabanja oti aziwayendera. Umu ndi mmene linayambira bungwe la Vinsenti Woyera wa Paulo, limene lero lili m'mayiko oposa 100. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatchula Ozanam kuti ndi Wodala mu 1997, pa msonkhano wa achinyamata a dziko lonse ku Paris komweko.

Pa zizolowezi za bungwe limenelo, ziwiri zikukwanirani bwino. Choyamba ndi thumba lachinsinsi. Pa msonkhano uliwonse thumba limazungulira, aliyense amalowetsamo dzanja lofumbata, ndipo palibe amadziwa ngati waponyamo ndalama yapepala, yachitsulo, kapena sanaponyemo kanthu. Yerekezani ndi zimene timachita ife: mndandanda pa gulu la WhatsApp, dzina ndi ndalama yake pambali, amene wapereka n'kumuikira chizindikiro chobiriwira. Mndandanda wotere umathamangitsa anthu omwewo amene mukufuna kuwafikira. Wosauka akaona dzina lake lilibe chizindikiro milungu iwiri, amatuluka pa gulu mwakachetechete, kenaka amasiya kubwera ku misonkhano. Chachiwiri ndi kuyenda awiriawiri, kupita kwa anthu omwewo, mobwerezabwereza, mpaka kudziwana mayina.

Apa tsopano tabwerera ku chipatala kwanu kuja. Ngati munali mu YCS, gulu la ophunzira Achikatolika ku sekondale, mukukumbukira njira ya magawo atatu: kuona, kuunika, kuchitapo kanthu. Anaiyambitsa ndi wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, pakati pa achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo Papa Yohane wa 23 anailimbikitsa m'kalata yake ya 1961. Magulu athu ambiri amadumpha magawo awiri oyambawo. Komiti ikakhala pansi, wina amati tigule sopo, wina shuga, msungichuma awerengera, nkhani yatha, palibe amene wapita kukafunsa. Musanagule chilichonse, tumani anthu awiri akaonane ndi oyang'anira anamwino ndi wansembe kapena mbusa wotumikira pa chipatalapo. Akapemphe chilolezo, chifukwa wodi si msika, ndipo akafunse kuti ndi odwala ati amene sayenderedwa ndi aliyense. Kenaka akazungulire kuseri, kumene kumagona odikirira odwala.

Kumeneko anthu ambiri a mtima wabwino safikako. Mupeza mafuwa ali ndandanda, utsi uli tolo, amayi akupemerera moto ndi chivundikiro cha poto. Pakona pali agogo ochokera boma lina, anabwera ndi ambulansi ataperekeza mdzukulu, anatenga chitenje chimodzi ndi kathumba ka ufa poganiza kuti akhala masiku awiri. Ufa watha. Foni alibe, nambala ya mwana wawo ili pakapepala komangidwa pa mfundo ya chitenje. M'manja muli pepala lina la dokotala la m'Chingerezi, ndipo sakudziwa ngati likunena kuti akagule mankhwala kapena apite kukajambulitsa. Agogo amenewa akusowa munthu wowawerengera pepalalo, wowaimbira foni kumudzi, wowaperekeza ku khomo loyenera, wokhala ndi mdzukulu ola limodzi kuti iwo akasambe. Zonsezi wophunzira wa pa yunivesite angathe, ndipo sizilira minibasi. Zimalira anthu awiri Lachitatu madzulo, ndi awiri ena Loweruka, semesita yonse. Mphakati uliwonse utenge sabata yake. Munthu akadziwa kuti agogo aja akumudikira Lachitatu, ndipo akapanda kupita palibe wina apite, simudzafunikanso kumukopa.

Chuma chimene muli nacho ophunzira si ndalama, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona gulu likuvutika ndi kutsuka magalimoto Loweruka lonse kuti ligule makatoni awiri a sopo, pamene m'mitu mwanu muli zinthu zimene anthu akuzisowa kwambiri. Ophunzira zauphunzitsi, masamu ndi sayansi angathe kutenga kalasi ya Fomu 4 pa sekondale yoyendera yapafupi n'kumaithandiza masana a Loweruka mpaka mayeso a MSCE. Ophunzira zamalamulo akudziwa kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo pogwirizana ndi aphunzitsi awo, akuluakulu a ndende ndi a CCJP, nthambi ya dayosizi yoona za chilungamo ndi mtendere, angathe kuthandiza anthu amene akhalitsa pa rimandi kumvetsa za belo ndi kulumikizana ndi abale awo. A zaulimi ali ndi malo awo, a zaunamwino chimodzimodzi. Chenjezo langa n'lakuti wophunzira asachite ntchito imene sanaloledwe: wa chaka chachiwiri cha udokotala si dokotala. Chimodzimodzi mnzanu akayamba kulankhula zofuna kudzipha, kolona yokha si yankho. Khalani naye, musamusiye yekha, ndipo mumutengere kwa alangizi a pa sukulupo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo.

Za zithunzi ndinene mosapsatira. Wodwala amene ali pa bedi atavala chitenje chokha sangakane kujambulidwa ndi munthu amene wamubweretsera shuga, ndiye kuvomera kwakeko si kuvomera. Ana ndiye musayerekeze n'komwe. Ngati amene anakuthandizani ndalama akufuna umboni, jambulani katundu ndi malisiti, jambulani gulu lanu pa geti. Pier Giorgio Frassati, wophunzira zauinjiniya wa ku Turin ku Italy, anali mwana wa munthu wolemera, mwini nyuzipepala ya La Stampa. Anali membala wa bungwe la Vinsenti Woyera lija, ndipo ankayendera osauka a mumzindamo mwakachetechete. Anamwalira ndi poliyo mu Julayi 1925 ali ndi zaka 24, atatsala pang'ono kumaliza digiri yake. Pa maliro ake makolo anadabwa kuona misewu itadzaza ndi anthu osauka amene iwo sankawadziwa, ndipo ambiri mwa osaukawo anadabwanso kumva kuti mnyamata uja anali wa banja lotchuka chotero. Papa Leo wa 14 anamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025. Sindikunena kuti Facebook ndi tchimo, koma mudzifunse moona mtima kuti ndi angati angapitebe mutalengeza kuti mafoni atsale m'matumba.

Mukamayendera anthu omwewo kwa miyezi, mudzayamba kufunsa mafunso ovuta. N'chifukwa chiyani mankhwala awa kulibe? N'chifukwa chiyani mnzathu wanzeru chotere akusiya sukulu chifukwa cha fizi? Musawaope mafunso amenewa, ndi mbali ya utumiki womwewo. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya Lenti ya maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, yodzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, Achikatolika ali patsogolo, anayenda pamsewu kusonyeza kuti ali kumbali ya maepiskopi, ndipo koleji inatsekedwa. Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mwezi wotsatira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Ophunzira amenewo anali amsinkhu wanu, ndipo anaika maphunziro awo pachiswe nthawi imene kulankhula kunkalowetsa munthu ku ndende ya Mikuyu.

Lero zimene zikufunika kwa inu n'zochepa poyerekeza: kulemba kalata yaulemu koma yosabisa mawu kwa mkulu woona za ophunzira yonena za anzanu amene akugona ndi njala, mutawerenga bwino kuti ndi angati, osatchula mayina awo. Kuperekeza mtsikana amene mphunzitsi akumuvutitsa kuti akadandaule ku ofesi yoyenera, m'malo momuuza kuti angopirira. Koma samalani ndi andale. Nyengo ya kampeni ikayandikira adzabwera ndi maenvelopu, mayunifolomu a kwaya, ngakhale kiyibodi yatsopano. Gulu likangolandira, pakamwa pake patsekeka, ndipo theka la mamembala a chipani china lichoka.

Mwina mukudabwa kuti wansembe walemba zonsezi osatchula pemphero. Musaganize kuti Misa yodzaza ndi kwaya yamphamvu ndi adani a komiti yanu, ndipo musayambe kunyoza oimba kuti amangodziwa kuvina. Papa Benedikito wa 16, m'kalata yake yoyamba ya mu Disembala 2005, anati Mpingo uli ndi ntchito zitatu zosalekanitsika: kulalika mawu a Mulungu, kuchita masakramenti, ndi utumiki wa chikondi. Chimene chikusowa pa sukulu panu ndi ulusi wolumikiza zitatuzi. Pemphani kuti pa mapemphero a akhristu onse pa Misa muzitchulidwa zimene oyendera aona sabata imeneyo, popanda mayina: agogo odikirira mdzukulu, wophunzira amene bambo ake amwalira mayeso ali pafupi. Pa Lenti, mphakati ugwirizane kuti ndalama ya chakudya chimene asala Lachisanu ilowe m'thumba lija. Kwaya ikayimbe ku ndende pa Pasaka. Ndipo awiri amene abwera kuchipatala asamangobalalika. Akhale pansi mphindi khumi, auzane chimene chawapweteka mtima, apemphere. Kuona mavuto sabata ndi sabata popanda pokatulira kumaumitsa mtima, ndipo ndaona achinyamata abwino akusanduka aukali ndi onyoza anzawo chifukwa chotopa.

M'kalata yomweyo Papa anachenjezanso kuti chikondi chisakhale nyambo yokokera anthu mu Mpingo. Wanjala wa pa hositelo yanu akhoza kukhala wa CCAP, wa Seventh Day, Msilamu, kapena wosapemphera n'komwe. Adye. Musamufunse kuti abwera liti ku Misa. Ndipo pa ntchito zina, monga thumba lothandiza ophunzira pa maliro kapena kukalankhula ndi akuluakulu a sukulu, mudzapita patali mukagwirana manja ndi a SCOM, bungwe la ophunzira Achikhristu a mipingo yosiyanasiyana, ndi magulu a zipembedzo zina kusiyana ndi kuyenda nokha.

Inuyo panokha, achemwali, kumbukirani chimene makolo anakutumizirani kumeneko. Ntchito yanu yoyamba pamaso pa Mulungu nthawi ino ndi sukulu. Mtsogoleri wa gulu amene wachotsedwa sukulu atalephera mayeso chifukwa ankakhalira misonkhano ya tchalitchi sanalemekeze Mulungu, ndipo abale ake amene anagulitsa mbuzi sadzamvetsa. Milungu iwiri mayeso asanayambe, chepetsani zonse kupatula kuphika limodzi, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene ndalama zimakhala zatheratu ndipo njala imafika pa mwana wakana phala.

Ndalama za gulu zisamalowe pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi popanda wina woona. Sikuti msungichuma wanu ndi wakuba, koma naye ndi wophunzira, lendi ikamuthina adzabwereka ndi mtima woti abweza, ndipo ubale wa gulu lonse udzathera pomwepo. Osayinira akhale awiri, thumba liziwerengedwa pamaso pa anthu awiri, lipoti liziperekedwa mwezi ndi mwezi. Mayina a ophunzira othandizidwa adziwike kwa anthu awiri okha ndi wansembe kapena mlangizi wanu. Gulani kope lachikuto cholimba, mulembemo zonse: munaonana ndi ofesi iti kuchipatala, chilolezo chinatuluka bwanji, masiku oyendera ndi ati, chinakanika n'chiyani. Gulu la ophunzira limasintha anthu onse pa zaka zinayi zilizonse, ndipo ntchito zabwino zambiri zimafa tsiku limene woziyambitsa wavala gauni. Inu muli chaka chachitatu, choncho wachiwiri wanu akhale wa chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo aziyenda nanu kulikonse kuyambira pano. Amene anamaliza kale ndipo ali pa ntchito muwapemphe zinthu zodziwika, monga thumba la ufa pamwezi kwa mphakati umodzi. Pempho lotere amaliyankha msanga kuposa kalata yopempha thandizo lililonse.

Simunanene ngati muli ndi wansembe wokhazikika pa sukulupo kapena amangobwera Lamulungu kuchokera ku parishi. Ngati palibe, dziwani kuti si kupempha chifundo mukamufuna. Lamulo 813 la malamulo a Mpingo a 1983 limalamula episkopi wa dayosizi kusamalira mwakhama moyo wauzimu wa ophunzira, ngakhale pa mayunivesite amene si a Katolika, posankha ansembe a ntchitoyo mokhazikika kapena kukhazikitsa parishi yawoyawo. Lembani kalata kudzera kwa bambo mfumu a parishi yanu, musayine atsogoleri onse a gulu, mufotokoze chiwerengero chanu ndi zimene mwayamba kuchita. Ansembe ndi ochepa ndipo yankho likhoza kuchedwa, choncho m'kalata momwemo pemphaninso kuti pakadali pano akupatseni sisteri, bulazala kapena mphunzitsi Wachikatolika wa pa sukulupo woti azipezeka tsiku limodzi lodziwika pa sabata.